Mimba yatha, mtima ukadali pa ntchito: kuunika kafukufuku wa POP-HT ndi maso a ku Chezi

Mu Novembala 2023 magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza zotsatira za kafukufuku wotchedwa POP-HT, amene Jamie Kitt ndi anzake anachita ku Oxford, m'dziko la England. Funso lawo linali lachidule: mayi amene BP inakwera ali woyembekezera, tikaiyang'anira bwino m'masabata oyamba atachira, kodi thupi lake lidzakumbukira chisamalirocho miyezi ikapita? Yankho linali lakuti inde. Chaka chotsatira gulu lomwelo linatulutsa mu magazini ya Circulation zithunzi za mitima ya amayi omwewo, ndipo zinasonyeza kuti mtima nawo unapindula.

Ndawerenga malipoti awiriwa kangapo, ndipo nthawi zonse maganizo anga amathawira ku Chezi, pamsewu wa M14 wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima, ndi kumidzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi iyi: POP-HT ndi kafukufuku wabwino, ndipo zimene wapeza zikutsutsa chizolowezi chathu choona kubereka ngati mapeto a matendawa. Koma njira imene anagwiritsa ntchito inasokedwa poyeza thupi la chipatala cha ku England. Tikaivala mmene ilili, sitikwana. Tiyenera kusiyanitsa chiphunzitso chake ndi zipangizo zake.

Zimene mimba imachita ku mtima

Mimba iliyonse, ngakhale yopanda vuto, ndi katundu wolemera pa mtima. Magazi m'thupi la mayi amachuluka ndi magawo 40 mpaka 50 pa 100 aliwonse. Magazi amene mtima umapopa pa mphindi imodzi amawonjezeka ndi magawo 30 mpaka 50 pa 100. Mtima umakwanitsa ntchitoyi chifukwa mitsempha imamasuka n'kutakasuka, moti magazi amadutsa mosavuta. N'chifukwa chake BP ya mayi wathanzi imatsikako pakati pa mimba, kenako n'kubwerera mwakale akamayandikira masiku ake.

Pa matenda a pre-eclampsia zinthu zimayenda mosiyana. Matendawa timawazindikira BP ikafika 140/90 kapena kupitirira, mimba itadutsa masabata 20, limodzi ndi mapuloteni mu mkodzo kapena zizindikiro zoti impso, chiwindi, ubongo kapena magazi zakhudzidwa. Nsengwa imene sinamere bwino m'chiberekero imatulutsa zinthu zovulaza khungu la mkati mwa mitsempha. Chimodzi mwa izo ndi puloteni yotchedwa sFlt-1, imene Sharon Maynard ndi anzake anaifotokoza mu 2003. Mitsempha imaphinjika, ndipo mtima umakankha magazi ambiri m'njira zopapatiza.

Mnofu uliwonse wogwira ntchito yolemetsa umakhuthala, ndipo mtima ndi mnofu. Chipinda chachikulu cha kumanzere, chimene chimatumiza magazi m'thupi lonse, makoma ake amakhuthala n'kuuma. Choyamba kuwonongeka si mphamvu yofinya ayi, koma kumasuka: mtima umalephera kufewa mokwanira kuti ulandire magazi pakati pa kugunda ndi kugunda. Magazi amadikira pakhomo, mphamvu yake imabwerera m'mapapo, ndipo madzi amatha kulowa m'mapapomo. Ichi ndicho chifukwa chake mayi wa pre-eclampsia amabanika msanga tikamuika madiripi ambiri. Zonsezi zikhoza kuchitika pamene muyeso wa mphamvu yofinya, umene ambiri timathamangira kuona pa echo, ukuoneka wabwinobwino.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika m'mawodi athu. Mayi akachira, madzi amene anali m'minofu amabwerera m'mitsempha, ndipo BP imafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi. Nthawi imeneyo mayi amene anachira bwino amakhala ali kale kunyumba, m'chikuta.

Zimene zinkadziwika kale

POP-HT sinayambe pathengo. Mu 2007 Leanne Bellamy ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri mu BMJ, napeza kuti mayi amene anadwalapo pre-eclampsia ali ndi chiopsezo cha BP yokhazikika choposa cha anzake pafupifupi kanayi, ndipo cha matenda a mitsempha ya mtima ndi sitiroko pafupifupi kawiri. Mu 2017 Pensée Wu ndi anzake, ataphatikiza kafukufuku wokhudza amayi oposa 6 miliyoni, anapeza kuti chiopsezo choti mtima ulephere kugwira ntchito chimakula kanayi. Bungwe la American Heart Association linaika pre-eclampsia pa mndandanda wa zinthu zoika mayi pachiopsezo cha matenda a mtima kuyambira mu 2011.

Chaka chomwecho Karen Melchiorre ndi Basky Thilaganathan, ku chipatala cha St George's ku London, anasindikiza zimene anapeza atajambula mitima ya amayi chaka chimodzi atachira. Mwa amene pre-eclampsia inawagwira mimba isanakwane masiku, 56 pa 100 aliwonse anali ndi mtima wokhuthala kapena wosagwira bwino ntchito. Mwa amene inawagwira masiku atakwana anali 14 pa 100, ndipo mwa amene sanadwale anali 8 pa 100. Chodetsa nkhawa n'chakuti amayiwa sankamva kanthu. Mukanawafunsa, akanayankha kuti ali bwino.

Kuno ku Africa, Annettee Nakimuli ndi anzake anatsatira amayi ku chipatala cha Mulago ku Kampala, ndipo mu 2013 analengeza kuti mmodzi mwa atatu aliwonse anali adakali ndi BP yokwera miyezi itatu atachira.

Umboni wonsewu unali ndi bowo limodzi. Unkaonetsa kuti pre-eclampsia ndi matenda a mtima zimayendera limodzi, koma sunkanena chimene chimabala chinzake. Mwina pre-eclampsia imavulaza mtima. Mwinanso mtima ndi mitsempha zimene zinali zofooka kale ndizo zimalephera mayeso a mimba, ndipo pre-eclampsia imangoulula chimene chinabisika. Thilaganathan amakankhira maganizo achiwiriwa. Mkanganowu si wa m'kalasi mokha. Ngati vuto linalipo kale mimba isanabwere, wina anganene kuti zimene tingachite mayi atachira n'zochedwa.

Zimene POP-HT inachita bwino

Apa ndi pamene kafukufuku wa ku Oxford akuyenera ulemu. Anatenga amayi 220 amene anali ndi pre-eclampsia kapena BP yobwera ndi mimba, ndipo ankafunikabe mankhwala potuluka m'chipatala. Anawagawa mwa maere m'magulu awiri. Gulu loyamba linapatsidwa makina oyezera BP kunyumba, olumikizidwa ku foni yamakono. Mayi ankadziyeza, manambala ankapita kwa madokotala, ndipo madokotalawo ankamuuza kuti awonjezere, achepetse kapena asiye mankhwala. Gulu lachiwiri linalandira chisamaliro cha masiku onse cha zipatala za boma za kumeneko.

Patatha miyezi isanu ndi inayi, anayeza BP ya maola 24. Mu gulu lodziyeza, nambala yam'munsi inali yotsika ndi 5.8 mmHg ndipo yam'mwamba ndi 6.5 mmHg poyerekeza ndi gulu linalo. Amayi ambiri anali atasiya kale mankhwala pa nthawiyo, kutanthauza kuti kusiyanaku sikunali mphamvu ya piritsi lomwedwa m'mawa wa tsikulo. Amayi obwereranso kukagonekedwa chifukwa cha BP m'masabata awiri oyamba anachepanso kwambiri. Ndipo zithunzi za echo ndi MRI zinasonyeza makoma a mtima opepukirapo mu gulu lodziyeza.

Ubwino wa maere ndi wakuti amadumpha mkangano wa chimene chinayamba. Kaya mtima unali wofooka kale, kaya mimba ndiyo inauvulaza, zimene zinachitika m'masabata ochepa mayi atachira zinasintha mmene mtima unadzikonzera. Kafukufuku wina wocheperako, wa PICk-UP, amene Laura Ormesher ndi anzake anachita ku Manchester ndi amayi 60, akuloza komweko: amene anamwa enalapril kwa miyezi isanu ndi umodzi atachira anali ndi mtima womasuka bwino kuposa amene anamwa piritsi lopanda mankhwala. Pali nyengo yaifupi imene mtima umakhala ngati dongo losauma. Likauma, kuliumbanso n'kovuta.

Pamene kafukufukuyu akutsimphina

Choyamba, anayeza zizindikiro za panjira, osati kumene ulendo umathera. BP yotsika ndi makoma opepuka ndi nkhani yabwino, koma chimene mayi amaopa ndi sitiroko, kubanika ndi imfa. Amayi 220 m'miyezi isanu ndi inayi sangayankhe funso limenelo. Olembawo amalumikiza zotsatira zawo ndi kafukufuku wa anthu ena, amene amasonyeza kuti kutsitsa BP ndi 5 mmHg kumachepetsa matenda a mtima m'tsogolo. Kulumikizaku n'komveka, koma ndi chiyembekezo, si chopezeka.

Chachiwiri, ndipo kwa ife ichi ndicho chachikulu, chithandizocho chinali mtolo: makina, pulogalamu ya pafoni, dokotala woyankha msanga, mankhwala osasowa, komanso mtima wa mayi wodziwa kuti wina akumuyang'ana tsiku ndi tsiku. Kafukufukuyu sanamasule mtolowo kuti tione nkhuni imene inayatsa moto. Kwa amene angagule mtolo wonse zilibe kanthu. Kwa ife amene tingakwanitse nkhuni ziwiri kapena zitatu, funso limeneli ndilo loyamba.

Chachitatu, amayi ankadziwa gulu limene analimo. Ofufuza anabisa magulu kwa owerenga zotsatira, ndipo anachita bwino, koma mayi amene amadziyeza tsiku lililonse akhoza kusinthanso kadyedwe, mchere ndi kamwedwe ka mankhwala. Izi sizichotsa phindu, koma zikuwonjezera chikaiko pa chimene chinagwiradi ntchito.

Chachinayi, anachitira pachipatala chimodzi, ndipo ambiri mwa amayiwo anali azungu a zaka za m'ma 30. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo mayi mmodzi ankabereka ana anayi kapena kuposerapo pa moyo wake. Mtima wa mayi wa ku Oxford mwina udzayesedwa kamodzi kapena kawiri. Wa mayi wa kwathu udzayesedwa mobwerezabwereza, nthawi zina usanapume ku mimba yapitayo.

Chachisanu, mitima imene imalowa m'mimba kuno ili ndi mbiri ina. Elsayed Soliman ndi Hadge Juma, ataunika kaundula wa odwala mtima ku Mzuzu Central Hospital, analemba mu 2008 kuti gulu lalikulu linali la matenda a mtima oyamba ndi zilonda za pakhosi za paubwana, pafupifupi mmodzi mwa atatu, ndipo lotsatira linali la mtima wowonongeka ndi BP, pafupifupi mmodzi mwa anayi. Amy Sanyahumbi ndi anzake atajambula mitima ya ana a sukulu m'boma la Lilongwe anapeza zizindikiro zobisika za matenda oyambawo mwa ana atatu pa 100 aliwonse. Ena mwa atsikana amenewo lero ndi amayi. Tiwonjezerepo kuchepa kwa magazi, malungo ndi HIV. Palinso matenda a peripartum cardiomyopathy, amene mtima umafooka n'kukula kumapeto kwa mimba kapena miyezi yoyamba mayi atachira. Karen Sliwa wawafufuza kwa zaka zambiri ku South Africa, ndipo zimadziwika kuti amagwira kwambiri amayi achiafirika komanso amene anali ndi pre-eclampsia. Kuno mayi wobanika atachira si nkhani ya BP yokha.

Chomaliza, POP-HT inayambira pamene ife nthawi zambiri sitifika. Kuti mayi alowe mu kafukufukuyu anayenera kukhala woyezedwa, wodziwika matenda ake, ndiponso wotuluka ndi mankhwala m'manja. Masitepe atatu amenewo ndiwo phiri lathu.

Tikaubweretsa ku Chezi

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19, mimba yoyamba, wochokera m'mudzi wa m'mapiri kumpoto kwa Chezi. Wayamba sikelo mochedwa, monga ambiri: kafukufuku wa 2015-16 uja anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankayamba m'miyezi itatu yoyambirira. Mwezi wachisanu ndi chitatu mapazi atupa, ndipo azakhali akuti mwina ndi mapasa. Kusikelo BP yapezeka 160/110. Anamwino achita zoyenera: amupatsa mankhwala otsitsa BP, amubaya magnesium sulphate, amutumiza kuchipatala chachikulu. Wachira, mwana ali moyo, iye sanakomoke. M'kaundula wathu nkhaniyi yatha bwino, ndipo ndi zoona, chifukwa kafukufuku wa Magpie wa 2002 anasonyeza kuti magnesium sulphate imachepetsa kukomoka ndi kupitirira theka, ndipo amayi ambiri ali moyo lero chifukwa cha jakisoni ameneyu.

Tsopano wabwerera kumudzi. Tsiku lachinayi, pamene BP ikufika pachimake, ali m'chikuta ndi apongozi. Mutu ukuwawa, koma ndani sadwala mutu atachira? Sabata yachitatu wayamba kutunga madzi, ndipo pokwera chitunda akupuma kawiri pamene kale sankapuma. Usiku akufuna kugona atatsamira khoma. Mapazi atupanso. M'mudzi kutupa kwa mayi wakhanda kuli ndi dzina lake kale, tsempho kapena mdulo, ndipo mafunso amapita kwa bambo ndi kwa amene anathira mchere m'ndiwo. Sindikunena izi monyoza. Anthu amafotokoza matenda ndi mawu amene ali nawo, ndipo ife a chipatala sitinawapatse ena. Tinamuuza mayiyu kuti mankhwala a matenda ake ndi kubereka. Wabereka. Angaganize bwanji kuti ndi matenda omwe aja?

Kodi njira ya ku Oxford ikanamuthandiza? Foni ya pakhomo ndi imodzi, yamabatani, ndipo imayenda ndi bambo kumsika. Kuitchaja n'kolipira. Ngakhale manambala atafika kwa dokotala, mawu akuti wonjezerani nifedipine ali ndi tanthauzo pokhapokha nifedipine ali m'nyumba. Apo ayi, ndi ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera, m'misewu imene dzinja imaterera.

Tili ndi phunziro lapafupi pa nkhani ya makina. Kafukufuku wa CRADLE-3, amene Nicola Vousden ndi anzake anasindikiza mu The Lancet Global Health mu 2019, anagawa makina oyezera BP okhala ndi nyali zobiriwira, zachikasu ndi zofiira m'madera khumi a mayiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Zomba kuno ku Malawi ndi madera a ku Zambia ndi Zimbabwe. Makinawo ndi olondola, otsika mtengo, ndipo ogwira ntchito anawakonda. Koma atawerengera bwinobwino, sanathe kusonyeza kuti imfa, kukomoka ndi kuchotsa chiberekero mwadzidzidzi zinachepa chifukwa cha makinawo. Chimodzi mwa zifukwa chinali kusiyana kwakukulu pakati pa maderawo, kumene kunafooketsa mphamvu ya kafukufuku. Komabe phunziro likuoneka: nyali yofiira imangoitana, ndipo payenera kukhala woyankha. Walira mvula walira matope. Amene akufuna kuyeza amayi ambiri akonzekerenso mankhwala, galimoto ndi munthu wosankha chochita.

Mlandu umene uli wathu

N'kosavuta kudzudzula kafukufuku wa kutali kuti sakutidziwa. Ofufuza a ku Oxford sanalonjeze kuti akulembera Dowa. Chovuta ndi kuvomereza zimene zotsatira zawo zikuulula pa ife.

Dziko lathu lachita zazikulu pobweretsa amayi kuchipatala. Mu 2015-16, amayi 95 pa 100 aliwonse anaonedwa ndi wachipatala wophunzira ali oyembekezera, ndipo ana 91 pa 100 anabadwira kuchipatala. Koma amayi amene anaonedwa m'masiku awiri oyamba atachira anali 42 okha pa 100, ndipo amene anayezedwa mkodzo kusikelo anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Khomo lolowera ndi lalikulu, lotulukira lilibe mlonda.

Malangizo a World Health Organization a 2022 amati mayi aonedwe m'maola 24 oyamba, kenako pakati pa maola 48 ndi 72, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi sabata yachisanu ndi chimodzi. Ndondomekoyi ndi ya mayi aliyense. Koma ngakhale itatsatidwa yonse, imatha pa masabata asanu ndi limodzi, pamene POP-HT ndi kafukufuku wa ku London akutiuza kuti nkhani ya mtima imapitirira miyezi.

Ndinakhalapo m'mawa wina pa sikelo ya ana pachipatala china chaching'ono cha kumidzi. Amayi anadzaza khonde. Mwana aliyense anapachikidwa pa sikelo, anabayidwa katemera, kabuku kake kanalembedwa. Makina a BP anali m'chipinda choyandikana nacho, cha amayi oyembekezera, ndipo ankagwira ntchito. Palibe mayi wobereka mwana kumbuyo amene anapinda dzanja la bulauzi m'mawa umenewo. Palibe amene analakwa: anamwino anali kuchita zimene kaundula wawo amafunsa, ndipo kaundula wa sikelo ya ana alibe mzere wa BP ya mayi. Mayi ali ndi pakati ndi wa chipinda cha uchembere. Akachira amasanduka wonyamula mwana. Adzakhalanso wodwala payekha pa mimba yotsatira, kapena zaka 15 zikubwerazo ku kiliniki ya BP ndi shuga, mkono umodzi utafa.

Kumeneko ndiye kumathera njira imeneyi. Kafukufuku wa MEIRU, amene Alison Price ndi anzake anasindikiza mu 2018 atayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, anapeza BP yokwera mwa amayi pafupifupi 14 pa 100 aliwonse, kumudzi ndi kutauni komwe, ndipo ambiri mwa odwalawo sankadziwa. Timadandaula kuti anthu a BP amabwera mochedwa. Koma pali gulu la amayi limene linabwera msanga, tinaliyeza, tinalemba 160/110 m'kabuku, kenako tinalitsanzika.

Chotenga ndi chosiya

Ndikamasula mtolo wa POP-HT ndikuona zinthu zitatu zimene sizidalira foni yamakono: kuyeza pafupipafupi m'masabata oyamba, munthu wokhala ndi mphamvu yosintha mankhwala, ndi kusasiya mankhwala mwadzidzidzi kapena mongoganizira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiyeni tione zimene zili kale m'manja mwathu.

Tili ndi kalendala ya katemera. Mayi amabwera ndi mwana pa masabata 6, 10 ndi 14, ndiponso pa miyezi isanu ndi inayi kudzabayitsa katemera wa chikuku. Mwezi wachisanu ndi chinayi ndi womwewo umene ofufuza a ku Oxford anayezera zotsatira zawo. Mayi ali kale pakhonde, sitikufunika kumulipirira ulendo. Chofunika ndi chizindikiro chooneka pa kabuku ka mwana, osati ka mayi kokha, chifukwa kabuku ka mwana ndiko sikaiwalika kunyumba, ndi mzere umodzi m'kaundula.

Tili ndi alangizi a zaumoyo, amene ntchito yawo imaphatikizapo kale kuyendera amayi ndi makanda m'masiku oyamba. Mlangizi wokhala ndi makina a BP ndi foni akhoza kukhala mlatho umene ku Oxford unali pulogalamu ya pafoni. Koma izi zitheka ngati chipatala chotulutsa mayi chikudziwitsa mlangizi tsiku lomwelo, ndipo kumapeto kwa foniyo kuli namwino kapena clinical officer woyankha. Alangizi ali kale ndi katundu wambiri, choncho tiyambe ndi amayi ochepa amene chiopsezo chawo n'chachikulu: amene pre-eclampsia inawagwira mimba isanakwane masiku, amene anakomoka, ndi amene atuluka akumwa mankhwala.

Tili ndi mankhwala odziwika. Nifedipine ndi enalapril n'zololedwa kwa mayi woyamwitsa. Enalapril ndi woopsa kwa mwana wosabadwa, choncho ayenera kuyendera limodzi ndi kulera, ndipo apa chipinda cha kulera chimalowa m'nkhaniyi. Mayi wa BP yokwera asapatsidwe mapiritsi olera okhala ndi estrogen. Ndipo asanatenge mimba ina adziwe kuti ayenera kuyamba sikelo msanga, chifukwa aspirin wochepa mphamvu ndi calcium, zimene World Health Organization imalimbikitsa kwa amayi otere, zimathandiza zikayambidwa nthawi yabwino.

Nanga echo? Sindikuona kuti n'kwanzeru kufuna kujambula mtima wa mayi aliyense amene BP inakwera. Koma mayi wobanika, wolephera kugona chagada, kapena wotupa masabata angapo atachira ayenera kujambulidwa, ndipo si nthawi zonse pamene angafike ku Kamuzu Central Hospital. Ku Neno, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo lasonyeza kudzera mu PEN-Plus kuti ma clinical officer ndi anamwino ophunzitsidwa angathe kusamalira odwala mtima pachipatala cha boma laling'ono, pogwiritsa ntchito makina onyamulika. Chitsanzo chimenecho chikuyenera kuyang'ananso kwa amayi ongochira kumene.

Kwa ife ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi kwina, ntchito ndi yoonekeratu. Tisabwereze POP-HT ndi mafoni ogawidwa ndi polojekiti, amene adzatha polojekiti ikatha. Tiyese mwa maere, zipatala zina ndi zina, njira ya alangizi ndi sikelo ya ana, m'zipatala za boma ndi za CHAM zomwe, popeza m'madera ngati Chezi, Mvera ndi Madisi zipatala za mishoni zimasenza gawo lalikulu la uchembere. Tiyeze BP pa miyezi isanu ndi inayi monga anachitira anzathu, kuti zotsatira ziyerekezeke, ndipo tijambule mitima ya ena mwa amayiwo. Tiwerengenso zimene iwo sanafunike kuwerenga: masiku amene mankhwala anasowa, ndalama za kabaza, ndi amayi amene anatenganso mimba chaka chisanathe. Tifunsenso apongozi ndi azakhali, chifukwa m'masabata a chikuta ndiwo amasankha ngati mutu wowawa ndi wa panado kapena wa kuchipatala.

Chigamulo changa pa POP-HT ndi chakuti ndi kafukufuku wamng'ono, wochitidwa mosamala, amene sanatsimikize kuti amayi adzakhala zaka zambiri, koma wasonyeza kuti masabata oyamba mayi atachira amasiya chizindikiro pa mtima. Zipangizo zake tizisiye ku Oxford. Chiphunzitso chake chikufuna kuti tisinthe chiganizo chimodzi chimene timaphunzitsa ophunzira athu ndi kuuza amayi potuluka m'wodi. Kubereka kumachotsa nsengwa ndipo kumapulumutsa moyo pa tsikulo, koma mtima umatenga miyezi kuti ubwerere, ndipo wina subwerera wokha. Mayi akamapinda chitenje kuti aberekere mwana kumbuyo, namwino amuuze kuti: "Amayi, BP ija sitinathane nayo. Mukamabwera ndi mwana kusikelo, inunso tizikuyezani."